Gombe lagumuka ndi vetiva yemwe, ndichite chiyani mvula isanabwerenso?

Wakudambo:
Anzanga ndithandizeni, mutu sukugwira. Dzinja lapitalo tinadzala ndi anthu a m'chigwa m'mbali mwa mtsinje, mamita ngati 600. Vetiva mizere iwiri pamwamba pa gombe, masentimita 15 phando ndi phando, kumbuyo kwake katope, mbawa ndi mthethe za mu nazale yathu. Ana a kalabu ya zachilengedwe ndi amene anathirira machubu miyezi inayi yonse. Zinagwira bwino, vetiva anatsekana moti dzanja silimalowa. Ndiye chaka chino madzi asefukira kawiri, pokhota penipeni mamita 40 apita. Sikuti vetiva anazuka ayi. Gombe lonse linang'ambika, chibuma chonse n'kugwera m'madzi vetiva ali chiimire. Ndinali komweko dzulo. Khoma latsalalo ndi lowongoka, mamita atatu, pansi pake pali mphanga yoti mwana atha kulowamo, mizu ikungolendewera ngati ndevu. Pamwamba makande, pansi mchenga wokhawokha. Mwini munda akuti mitengo yathu ndiyo yalemetsa gombe. Ndalama ya magabiyoni, mabasiketi a waya odzaza miyala aja, palibe. Ndidzalenso pomwepo, ndibwerere m'mbuyo, kapena ndipasiye? Ndatsala ndi miyezi isanu.

Kalozera:
Achimwene, vuto lanu silili pagombepo. Lili kumtunda. Tandiuzani, minda ya m'mapiri ili ndi akalozera? Zigwembe mwawerenga zingati? Mvula ikagwa madzi amatenga nthawi yaitali bwanji kuti afike kwa inu, ndipo amakhala amtundu wanji? Ngati akufika ola lisanathe ali psuu, ndiye kuti nthaka ya kumtunda siikumwa kanthu. Tengani A-frame, chida choyezera akalozera chija, mukwere phiri.

Mayi wa Nazale:
Pepani kwambiri bambo, ndikudziwa mmene zimawawira, makamaka pamene pali thukuta la ana. Koma yankho mwalinena kale nokha: makande pamwamba, mchenga pansi, ndiponso kunja kwa kona. Pamenepo madzi amathamanga kuposa pena paliponse, ndipo samangodutsa, amazungulira n'kumira m'tsinde mwa gombe. Mchenga sugwirana, ndiye umayamba kuchoka ndi iwo, makande n'kutsala ngati khonde lopanda nsanamira. Zimene madziwo akukokolola kunoko amakazitula mkati mwa kona yotsatira, n'chifukwa chake mumaona mchenga ukuunjikana mbali inayo. Vetiva mizu yake itha kufika mamita atatu kapena anayi pa nthaka yabwino, koma ngati mng'alu wadutsa kumbuyo kwa mzere, amapita limodzi ndi chibumacho. Funso limodzi: linagwa madzi akukwera kapena akutsika?

Wakudambo:
Akutsika mayi. Mwini munda akuti usiku wonse linali chilili, lamveka kugwa m'mawa madzi atayamba kuphwera.

Mayi wa Nazale:
Ndimayembekezera zomwezo. Gombe limakhala litakhuta madzi, lalemera, ndipo madzi a mumtsinje amene amalikankhira kuti liime achoka msanga. Muwauze eni munda mofatsa kuti mbande ya chaka chimodzi singalemetse khoma la mamita atatu. Koma musadzalenso pamwamba pa khoma lowongoka, mudzataya mbande zina. Lidulidwe likhale lotsetsereka, pa mita imodzi yokwera mubwerere m'mbuyo mamita awiri. Kwa inu ndiye kuti mamita asanu ndi imodzi a munda wa munthu. Kutsinde miyala kapena zikhomo zolukidwa ndi nthambi, bango kumunsi kumene kumanyowa, kenako vetiva mizere yopingasa mpaka pamwamba, mitengo kumbuyo kwenikweni. Ndipo vetivayo alowe msanga ndi kuthirira. Wodzala ndi mvula yoyamba amakumana ndi madzi osefukira asanagwire.

Wamiyala:
Musadandaule kuti ya magabiyoni palibe, mwina mwapulumuka. Ine ndinayang'anirapo ntchito ya mabasiketi pa kona yonga yanuyo. Tinasanja mizere itatu, miyala yosankha bwino, aliyense wobwera amajambula. Cholakwa chathu, sitinakumbe maziko okwanira ndipo malekezero sitinawalowetse mkati mwa gombe chifukwa kontrakitala amathamangira kumaliza. Dzinja loyamba madzi anafukula pansi, basiketi yakutsogolo inaweramira mumtsinje. Lachiwiri analowera kumapeto kwa kumtunda n'kudutsa kumbuyo. Lero magabiyoni aja ali pakati pa mtsinje ngati chilumba, ndipo waya wina anthu anadula. Chimene chimandiwawa mpaka pano n'chakuti dimba la mayi wina limene linali bwinobwino tisanabwere linapita lonse. Ndikakumana nawo sindidziwa poyang'ana. Chilichonse cholimba chimene mungaike m'madzi, dzifunseni kaye kuti madziwo mukuwakankhira kwa ndani.

Kalozera:
Mwamva zimenezo? Miyala, waya, zonse zinapita, chifukwa madzi anabwera ochuluka nthawi imodzi. Ndipo amachokera kuti? Kumtunda. Maswale (ngalande zosunga madzi), akalozera, machekidamu (timadamu totchinga madzi) m'zigwembe. Dontho liimitsidwe pamene lagwera.

Nsungwi2:
Bwanji osangodzala nsungwi? Ife tinadzala ndipo gombe silinasunthe zaka zisanu ndi ziwiri tsopano. Anthu amazisamala okha chifukwa amapezapo phindu.

Wamiyala:
Zanuzo zili pamalo owongoka kapena pokhota?

Nsungwi2:
Owongoka, gombe lalifupi.

Wamiyala:
Ndiye n'zosiyana akulu. Mizu ya nsungwi ndi yothithikana koma yambiri ili pamwamba, siifika kumene kukudyekako. Phata lalikulu likadyedwa pansi limagwa lonse ndi dothi lake, n'kutsekereza mtsinje, madzi n'kutembenukira gombe linalo. Komanso zikakula mthunzi wake umapha vetiva, iye uja sapirira mthunzi. Zidzalidwe kumbuyo, osati pamlomo.

Aphunzitsi a Kalabu:
Ine nkhawa yanga ndi ina. Mwati pansi pali mphanga yoti mwana atha kulowamo. Chonde bambo, ana a kalabu asayandikire pamenepo, pamwamba kapena pansi, ngakhale kukaona chabe. Khoma lotere limagwa popanda chenjezo ngakhale m'chilimwe, ndipo ana amakonda malo otero. Ikani zikhomo mamita angapo kumbuyo ndipo muuze makolo. Pa tsiku lodula gombe pakhale akuluakulu okhaokha, ayambire pamwamba, wina aliyense asaime kunsi. Anawo muwatengere kumamita 560 amene apulumuka, akawerenge mitengo yamoyo. Ayenera kuona kuti ntchito yawo siinapite yonse, apo ayi chaka chamawa simudzawaonanso ku nazale.

Wakudambo:
Zikomo aphunzitsi, zikhomo ndikaika mawa. Koma mamita asanu ndi imodzi aja ndi amene andiimitsa mutu. Munthuyo wataya kale mizere khumi, ndipo pomwepo ndi pamene pali chinyontho. Ndikamuuze kuti apereke ina?

Mayi wa Nazale:
Musapite ndi chiganizo chopangidwa kale. Khomani zikhomo zitatu pamtunda wodziwika kuchokera pamlomo wa gombe, muyeze naye limodzi, iye agwire tepi. Mufunseni gombe linali pati zaka khumi zapitazo, adzakulozerani pakati pa madzi. Akaona yekha kuti mtsinje ukumudyera chaka ndi chaka, nkhani imafewa. Mugwirizanenso molemba kuti udzu wometa ndi mitengo ya pamalopo ndi zake. Ndipo musanakhudze mkati mwa mtsinje funsani kwa oyang'anira zamadzi ngati pakufunika chilolezo. Mnzanga wina anaimitsidwa ntchito ili pakati, gombe litadulidwa kale, mvula n'kulipeza lili pambalambanda. Zinaipa kuposa poyamba.

Kalozera:
Mudula gombe, mukhoma zikhomo, mukangana ndi mwini munda, zonsezo chifukwa cha mamita 40. Anthu omwewo masiku omwewo atha kumanga akalozera pa mahekitala angati? Ndanena kale, kwerani phiri.

Wamiyala:
A Kalozera, palibe akukutsutsani. Koma mitsinje imakhota ndi kudya magombe ngakhale m'nkhalango imene nkhwangwa siinalowemo. Ntchito ya kumtunda imachepetsa ukali wa madzi patapita zaka. Mnzathuyu ali ndi miyezi isanu.

Kalozera:
Zaka zimenezo zimayamba tsiku limene mwayamba. Mukanayamba dzinja lija bwenzi chimodzi chitatha.

Mphukira:
Pa za kumtundazo ndiikepo mawu. Ngati mungapite, musayambe ndi machubu. Yang'anani zitsa zimene zilipo kale, musiye mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu pa chitsa, zina mudulire. Mizu ndi yakale, ndiye chilimwe sichiziopsa. Ndi njira imene Tony Rinaudo, katswiri wa zaulimi wa ku Australia, anayamba kulimbikitsa ku Niger mu 1983, ndipo kumeneko mitengo inabwerera m'minda pa mahekitala pafupifupi 5 miliyoni. Ife mbande za m'machubu chiswe ndi mbuzi zimatimaliza, koma zitsa zimapirira.

Nsungwi2:
Mbuzi musazitchule. Ife tinatchinga mbande iliyonse ndi minga, sabata yathunthu manja ali magazi okhaokha. Zinapulumuka kwa mbuzi, mwezi wotsatira moto wolusa n'kudutsa, minga youma ija ndiyo inakhala nkhuni. Lambulani njira yotchinga moto udzu usanaume, ndipo vetiva mumumete, akauma amayaka koopsa. Iye amaphukanso, koma mbande zoyandikana naye ayi.

Aphunzitsi a Kalabu:
Inu mumachita bwanji kuti anthu azibwerabe polambula? Kwathu tsiku lodzala amadzaza, koma tsiku lolambula timapezeka asanu.

Mphukira:
Tinagawa mtunda, banja lililonse gawo lake loyang'anizana ndi munda wake. Zinathandizako, koma magawo a anthu amene amangobwereka minda ndi amene amapsa.

Mayi wa Nazale:
A Wakudambo, musanakumbe chilichonse tumizani chithunzi cha gombe la tsidya linalo, ndiponso cha mamita 100 kumtunda kwa kona. Ndikufuna ndione ngati pali mtengo wogwa kapena pamene anthu akukumba mchenga, chifukwa zimenezo zimasintha zonse zimene ndanena.

Kalozera:
Mujambulenso mapiri.