Kodi magulu a nyenyezi obisika m'fumbi amapezeka bwanji?

Wophunzira wa Giredi 12, Chipata:
Ndikupempha thandizo kwa odziwa zakuthambo. Ndamva kuti mu Mlalang'amba wathu muli magulu akuluakulu a nyenyezi amene saoneka ngakhale pa telesikopu wamba chifukwa cha fumbi. Nanga akatswiri anadziwa bwanji kuti alipo?

Mphunzitsi wa sayansi, Katete:
Mwafunsa bwino. Fumbi la m'mlengalenga limatchinga kuwala kumene maso athu amaona, koma kuwala kofiira kumadutsako, monga dzuwa la mu Seputembala limafiirira likamalowa m'utsi wa lupsa, ndipo kuwala kwa infrared, kumene maso athu saona, kumadutsa koposa. Nyenyezi zimene zimawala mwamphamvu m'kuwala kumeneku ndi zimphona zofiira za mtundu wa Antares ndi Betelgeuse. Nyenyezi imasanduka chimphona chotere pokhapokha ngati inabadwa yolemera kuposa dzuwa maulendo 8 kapena kupitirira, ndipo sikhalitsa pamsinkhuwu isanaphulike, choncho zoterezi n'zosowa kwambiri. Mukazipeza zoposa 10 zitaunjikana pamodzi, dziwani kuti pakati pawo pali nyenyezi zinzake masauzande ambiri zimene fumbi labisa. Ndimo mmene gulu la RSGC1 linapezekera mu 2006, akatswiri atasanthula zimene kafukufuku wa thambo lonse wotchedwa 2MASS anajambula m'kuwala kwa infrared pakati pa 1997 ndi 2001.

Wokonda zakuthambo, Petauke:
Aphunzitsi, mundilole ndiwonjezepo, chifukwa kuunjikana pa chithunzi pakokha si umboni. Pali nyenyezi zina zofiira zopepukirapo zimene zili pafupi nafe koma zimangogwera mbali yomweyo, ndiye pamafunika kuyeza kuwala kwa nyenyezi iliyonse kuti zidziwike ngati zonse zikuyenda pa liwiro limodzi. Katswiri wa zakuthambo Charles Bruce Stephenson anaona gulu la Stephenson 2 mu 1990, koma ukulu wake unatsimikizika mu 2007, pamene munapezeka zimphona zofiira 26. Kwa ine, ntchito yeniyeni ndi kuyezaku.

Wophunzira wa Giredi 12, Chipata:
Zikomo kwambiri nonse. Kodi maguluwa ali mbali iti ya thambo?

Mphunzitsi wa sayansi, Katete:
RSGC1 ndi Stephenson 2, pamodzi ndi gulu la RSGC3 limene linalengezedwa mu 2009, ali mu Scutum, chigawo chimene kuno chimakwera pamwamba madzulo a mu Ogasiti, kum'mawa chakumpoto kwa Antares. Kuwala kwawo kumayenda zaka pafupifupi 20,000 kuti kutifike. Akatswiri ambiri amaganiza kuti pamalopo mkono wa Scutum-Crux, umodzi mwa mikono yopindika ya Mlalang'amba, umakumana ndi mzere wa nyenyezi wooneka ngati mpiringidzo umene uli pakati pa Mlalang'amba, ndipo mpweya wopanikizika pamenepo unabala nyenyezi zochuluka nthawi imodzi, zaka mamiliyoni 10 mpaka 20 zapitazo.