Misoti yakwanitsa masabata 24 koma sinayambe kuikira: vuto lili pati?

Wofunsa, woweta nkhuku pakhomo:
Akuluakulu anzanga oweta nkhuku, ndikupempha nzeru zanu. Ndili ndi misoti 20, ndipo 12 ndi yofiira ya mtundu wa Lohmann Brown pamene 8 ndi yakuda ya Black Australorp. Yonse ndinaitenga nthawi imodzi ili anapiye ongoswedwa kumene. Sabata ino yakwanitsa masabata 24, koma m'khola sindinatolemo dzira ngakhale limodzi, chonsecho amene anandigulitsa anapiyewo ananena kuti pofika miyezi inayi ndi theka ndidzakhala nditayamba kutola. Nkhukuzi sizikudwala, katemera wa chitopa zinalandira, zimadya bwino, ndipo m'mawa ndimazitsegulira kuti zikapalase kuseri kwa nyumba. Ndikuzipatsa chakudya cha growers (cha nkhuku zimene zikukula), chimene ndimasakaniza theka ndi theka ndi madeya kuti thumba likhalitse. Tambala ndilibe. Kodi kuchedwaku n'chifukwa chosowa tambala, kapena pali china chimene ndiyenera kusintha?

Mayi woweta nkhuku za mazira:
Bambo, za tambala musadandaule nazo, chifukwa thadzi limaikira ngakhale lisanaonepo tambala. Ntchito ya tambala ndi yakuti dzira likhale ndi mbewu yoti n'kuswa mwanapiye, basi. Chimene ndikuona choyamba n'chakuti mukuwerengera mitundu iwiri tsiku limodzi loyambira, pamene mitunduyi sikhwima nthawi yofanana. Nkhuku zofiira zimene anazikonzera mazira, monga Lohmann Brown, Hy-Line Brown ndi ISA Brown, zimayamba pakati pa masabata 18 ndi 20 ngati zaleredwa bwino. Black Australorp ndi nkhuku ya thupi lalikulu, ya nyama ndi mazira omwe, ndipo kawirikawiri imayamba pakati pa miyezi isanu ndi isanu ndi iwiri. Choncho zakuda zanuzo sizinachedwe, koma zofiirazo zachedwadi ndi mwezi wathunthu.

Musanasinthe kanthu, usiku uno zikagona muzigwire imodziimodzi. Msoti umene wayandikira kuikira, kanyama kake ka pamutu ndi ka pansi pa mlomo kamakula n'kufiira kwambiri, ndipo mukakakhudza kamakhala kofewa ndi kofunda. Kenako mutembenuze nkhukuyo ndi kufufuza ndi zala mafupa awiri osongoka amene ali uku ndi uku kwa potulukira dzira. Ngati pakati pake pakulowa chala chimodzi chokha, nkhukuyo idakali kutali, koma ngati pakulowa zala ziwiri kapena zitatu, ndiye kuti yatsala pang'ono kapena yayamba kale. Potulukira dzira penipenipo pamakhala potakasuka ndi ponyowa pa nkhuku yoikira, pamene pa msoti wosakhwima pamakhala pouma ndi pofinyika. Masana muonenso ngati ilipo ina imene imati mukaiyandikira imanyonyomala pansi itatambasula mapiko pang'ono, kapena imene ikungotetera uku ikulowa m'makona.

Bambo woweta nkhuku zambiri m'khola lotseka:
Ine ndikuona kuti nkhani yagona pa kuwala ndi chakudya. Nkhuku imaikira bwino ikamaona kuwala kwa maola 14 mpaka 16 pa tsiku, chifukwa kutalika kwa usana n'kumene kumadzutsa ziwalo zake zoberekera. Misoti imene ikukhwima pa nyengo imene masana akufupika imachedwa kuposa imene ikukhwima masana akutalika, ndipo khola la mdima limawonjezera vutolo. Ikani babu m'khola, lekani growers lero lomwe, yambani layers (chakudya cha nkhuku zoikira), ndipo muona kusintha posachedwa.

Mlangizi wa ziweto:
Zimene anena Bambo a khola lotseka zokhudza kuwala n'zoona, koma ndikupempha kuti babulo liyambe ladikira mpaka nkhukuzo zitayezedwa pa sikelo. Msoti suyamba kuikira chifukwa choti masabata akwana, koma chifukwa choti thupi lafika pa msinkhu woti n'kunyamula ntchitoyo, ndipo kwa nkhuku zofiira za mazira msinkhuwo ndi pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka. Mukaukakamiza ndi kuwala msoti wopepuka, ukhoza kuyamba ndithu, koma umaikira timazira tating'ono kwa nthawi yaitali, sufika pachimake pa kuikira kwake, ndipo ena amatuluka chiberekero chifukwa mafupa a m'chiuno anali asanatanuke mokwanira. Nkhuku yotuluka chiberekero anzake amaijompha pamalo ofiirawo, ndipo nthawi zambiri imafa.

Chimene ndikukayikira kwambiri ndi madeyawo. Growers amakhala ndi zomanga thupi zokwana 15 kapena 16 peresenti, pamene madeya a chimanga amakhala ndi pafupifupi 10 peresenti. Mukasakaniza theka ndi theka, nkhuku zikulandira pafupifupi 13 peresenti yokha, komanso mavitamini ndi mchere wam'thupi umene opanga chakudya anauyeza bwino mwaugawa pawiri. Nkhuku imaoneka yokhuta, chithokomiro chili tho, koma sikukula monga iyenera kukulira. Ndikumvetsa chifukwa chimene alimi ambiri amachitira zimenezi, poti miyezi yolera misoti ndi yongotulutsa popanda cholowa, koma mwezi umene mwataya osatola mazira ndi wowawa kuposa matumba amene mwapulumutsa.

Bambo wofunsa, pogwira nkhukuzo usiku muziyeze kulemera, ndipo mukanule nthenga za kunsi kwa mapiko ndi za kumchira kuti muone ngati mulibe nsabwe kapena utitiri. Mutiuzenso ngati munazipatsapo mankhwala a nyongolotsi, chifukwa nkhuku zoyenda panja zimatola mazira a nyongolotsi m'dothi, ndipo zimenezi zimabwezanso kukula m'mbuyo.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri nonse. Ndazigwira zonse monga munanenera. Zofiira zija zikulemera pakati pa makilogalamu 1.2 ndi 1.3, tinyama ta pamutu tidakali tating'ono ndi totuwa, ndipo pakati pa mafupa paja pakulowa chala chimodzi, kupatula imodzi yokha imene pakulowa ziwiri. Utitiri sindinaupeze, koma mankhwala a nyongolotsi sizinalandirepo. Chimene chandidabwitsa ndi zakuda, chifukwa ziwiri mwa izo pamutu pali psuu, zala zitatu zikulowa bwinobwino, ndipo potulukira dzira ndi ponyowa ndithu. Khola lili ndi zenera limodzi laling'ono, ndipo zisa zoikiramo ndinali ndisanaike podikira kuti dzira loyamba lioneke.

Mayi woweta nkhuku za mazira:
Bambo, ziwiri zakudazo ndikukhulupirira kuti zikuikira kale, koma osati m'khola mwanu. Msoti ukafuna kuikira umasaka malo obisika, a mdima pang'ono ndi opanda phokoso, ndipo ukasowa malo otero m'khola umakawapeza pansi pa chitsamba, kuseri kwa mulu wa nkhuni kapena m'udzu wautali. Ukazolowera malo amodzi umabwererako tsiku lililonse, ndipo mazirawo akhoza kumatengedwa ndi agalu, makoswe kapena njoka inu osadziwa. Mawa muzitsegulire monga mwa masiku onse, koma muyang'anire chapatali imene ipatuke pagulu yokha n'kumayenda mozemba, kenako mumvetsere kumene idzayambire kulira mokweza itatha kuikira.

Zisa ziyenera kulowa m'khola misoti isanayambe, osati itayamba. Chisa chimodzi chimakwanira nkhuku zinayi kapena zisanu, choncho inu mukufunika zinayi kapena zisanu. Muziike kumbali ya mdima ya khola, pamalo otsika kuposa mitengo imene nkhuku zimagonapo kuti zisamagonemo n'kuipitsiramo, ndipo muyalemo udzu wouma kapena utuchi. M'chisa chilichonse muikemo dzira lonamizira, chifukwa nkhuku imakonda kuikira pamene yaona dzira lina. Mazira ambiri amaikiridwa dzuwa lisanafike paliwombo, ndiye mawa likadutsa, kwa sabata imodzi kapena ziwiri muzizitsegulira dzuwa litapendeka, madzi ndi chakudya zili m'khola momwemo.

Mlangizi wa ziweto:
Manambala mwatipatsawa akusonyeza kuti zofiirazo zatsalira ndi magalamu 200 mpaka 300, ndipo zimenezi zikhoza kukonzeka. Madeya alekeni kotheratu. Ngati n'kotheka gawani khola pawiri, kuti zofiira zizidya growers wosasakaniza mmene zingathere mpaka zitafika kilogalamu imodzi ndi theka, pamene zakuda zimene zakhwima ziyambe layers. Kusiyana kwakukulu kwa zakudya ziwirizi ndi kashiamu, mchere wam'thupi wolimbitsa mafupa ndi zigoba za mazira, chifukwa growers amakhala ndi pafupifupi 1 peresenti pamene layers amakhala ndi 3.5 mpaka 4 peresenti. Chigoba cha dzira limodzi chimatenga pafupifupi magalamu awiri a kashiamu, ndipo nkhuku ikapanda kumupeza m'chakudya imamuchotsa m'mafupa ake, n'chifukwa chake ziwiri zakudazo siziyenera kudikira. Ngati kugawa khola n'kovuta, zonse zidye growers wosasakaniza, koma pambali muike mbale ya zigoba za nkhono zosinja, ndipo zimene zikuikira zizidzatola zokha monga mwa kusowa kwa thupi lawo.

Mankhwala a nyongolotsi muzipatse tsopano, koma muwerenge pa botolo masiku amene mazira sayenera kudyedwa nkhuku zikamwa mankhwalawo, popeza ziwiri zija zikuikira. Muziyeza nkhuku zofiirazo sabata iliyonse, tsiku lofanana ndi nthawi yofanana. Zikayamba kuikira, iliyonse idzafuna magalamu 110 mpaka 120 a layers pa tsiku, ndi madzi oyera osasowa, chifukwa gawo lalikulu la dzira ndi madzi. Mazira oyambirira akadzakhala aang'ono, ena opanda chigoba cholimba kapena a zikasu ziwiri, musadzaganize kuti ndi matenda, poti zimenezi zimatha zokha pakapita masabata ochepa.

Bambo woweta nkhuku zambiri m'khola lotseka:
Pa kulemera kumeneko ndikugwirizana ndi Alangizi kuti babu lidikire, koma zeneralo musalidikiritse. Kulitsani kapena tsegulani lina mbali inayo n'kutchinga ndi waya, kuti nkhuku zizilandira kuwala konse kwa usana ndi mphepo yabwino, makamaka pano pamene zizitsekeredwa mpaka masana. Zofiira zikadzafika pa kilogalamu imodzi ndi theka, mudzawonjezere kuwala pang'onopang'ono, theka la ola kapena ola limodzi pa sabata, mpaka kufika maola 15 kapena 16. Ine ndimayatsa m'bandakucha osati madzulo, kuti mdima wa madzulo uzibwera wokha pang'onopang'ono nkhuku n'kukwera pa mitengo yake zikuona. Mukadzayamba kuwonjezera maolawo musadzawachepetsenso pakati pa nyengo yoikira, chifukwa kuwala kukabwerera m'mbuyo mazira nawonso amatsika.