Kodi malire a 1967 amene amatchulidwa pa mkangano wa Israel ndi Palestine adachokera kuti?

Nabanda:
Abale anga, nthawi zonse atsogoleri a maiko akamakamba zothetsa mkangano wa Aisraeli ndi Apalestina, amati mbali ziwirizi zibwerere ku malire a 1967. Kumpingo kwathu ambiri amakhulupirira kuti udaniwu udayambira pa Isake ndi Ismayeli, koma ngati ulidi wakale chotero, n'chifukwa chiyani chaka chaposachedwa ngati chimenechi ndicho chikhala muyezo? Ndikupempha amene mukuidziwa bwino mbiriyi mutiunikire.

Chisale:
Mayi Nabanda, mkanganowu ndi wa malo, ndipo msinkhu wake sufika n'komwe zaka 150. Dzikoli lidali m'manja mwa ufumu wa Ottoman kwa zaka pafupifupi 400 kufikira pamene Britain idalilanda mu 1917, chaka chomwecho chimene nduna yake ya zakunja, Arthur Balfour, idalemba kalata yolonjeza Ayuda kwawo ku Palestine, pomwe anthu ambiri okhala kumeneko adali Aluya. Pa 29 Novembala 1947 bungwe la United Nations lidavomereza kugawa dzikolo pawiri. Ayuda adalola, koma Aluya adakana ponena kuti anthu ochepa akupatsidwa gawo loposa theka. Mtsogoleri wa Ayuda, David Ben-Gurion, atalengeza dziko la Israel pa 14 Meyi 1948, asilikali a maiko oyandikana nalo adalowerera nkhondo imene idali itabuka kale.

Mzere umene mukufunsawo udalembedwa mu 1949 pa mapangano osiya kumenyana, ndipo udangotsata pamene asilikali a mbali iliyonse adaima. Israel idatsala ndi magawo pafupifupi 78 pa 100 alionse a dzikolo, Jordan idatenga West Bank (dera la kumadzulo kwa mtsinje wa Jordan) ndi kum'mawa kwa Jerusalem, ndipo Egypt idayamba kulamulira Gaza. Mu Juni 1967, pulezidenti Nasser wa ku Egypt atachotsa asilikali a United Nations ku Sinai ndi kutsekera zombo za Israel njira ya panyanja ya ku Tiran, Israel idayamba kuthira nkhondo, ndipo m'masiku asanu ndi limodzi idalanda madera onsewo pamodzi ndi Sinai ndi mapiri a Golan a dziko la Syria. Choncho akamati malire a 1967, akutanthauza mzere umene udalipo nkhondoyo isanayambe.

Gama:
A Chisale afotokoza bwino, koma ndikuona kuti adutsa msanga pa 1948, pomwe bala lenileni lili pamenepo. Apalestina pafupifupi 700,000 adathawa kapena kuthamangitsidwa m'midzi yawo, ndipo nkhondo itatha sadaloledwe kubwerera, ngakhale kuti chigamulo 194 cha United Nations chidati ofuna kukhala mwamtendere ndi anansi awo aloledwe kubwerera kwawo. Kwa banja limene lidachoka ku Jaffa kapena ku Haifa n'kukakhala mu msasa ku Lebanon, kubwerera ku mzere wa 1967 sikubweza munda kapena nyumba. N'chifukwa chake pamene PLO, bungwe lomenyera ufulu wa Apalestina, idalengeza dziko la Palestine ku Algiers mu 1988 n'kuvomereza chigamulo 242 cha United Nations, chimene chidati Israel ichoke m'madera amene idalanda mu 1967 posinthana ndi mtendere, Apalestina ambiri adaona kuti agonja kale kwakukulu povomera magawo 22 okha pa 100.

Nawonso Aisraeli ali ndi zifukwa zimene sitingazinyoze. Amakumbutsa kuti mzerewo usanafufutike kudalibe mtendere, kuti pafupi ndi Netanya dziko lawo lidali lopyapyala makilomita pafupifupi 15 okha, kuti pa ulamuliro wa Jordan Ayuda sankaloledwa kukapemphera pa khoma lawo lopatulika ku Jerusalem, ndiponso kuti Ayuda zikwi mazanamazana adachoka m'maiko a Aluya atasiya chuma chawo chonse.

Namoyo:
Ine ndiwonjezere chimene chikuulepheretsa mzerewo lero. Egypt idabwezeredwa pafupifupi Sinai yense pofika 1982 chifukwa cha pangano la mtendere la 1979, ndipo zimenezo zidapereka chiyembekezo choti kusinthanitsa malo ndi mtendere n'kotheka. Koma mapangano a Oslo, amene nduna yaikulu ya Israel, Yitzhak Rabin, ndi mtsogoleri wa PLO, Yasser Arafat, adagwirana nawo chanza ku Washington mu 1993, adasiya nkhani zovuta zonse, monga Jerusalem, othawa kwawo, midzi ya Aisraeli ya m'madera olandidwa ndi malire enieni, kuti zidzakambidwe m'tsogolo. Rabin adaphedwa ndi Myuda mnzake mu Novembala 1995, mabomba a gulu la Apalestina la Hamas ankaphulika m'mabasi, ndipo kukhulupirirana kudatha. Madera a West Bank oposa theka, otchedwa Area C, akadali m'manja mwa Israel kotheratu, ndipo Aisraeli okhala kutsidya kwa mzerewo, tikaphatikiza a kum'mawa kwa Jerusalem, tsopano aposa 700,000. M'kuona kwanga, funso limene akazembe amalizemba ndi lakuti ndi boma liti la Israel lingathe kusamutsa anthu ochuluka chotero, poti ngakhale kuchotsa 8,000 okha ku Gaza mu 2005 kudagawanitsa dzikolo kwambiri.