Khansa yabwereranso, kodi ndilandire chithandizo kuno ku Joni kapena ndipite kumudzi?

Membala wosatchula dzina: Ndikupempha malangizo kwa amayi ndi abambo a pagulu lino. Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Cosmo City ndipo ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg. M'chaka cha 2022 anandipeza ndi khansa ya kuchiberekero, ndinalandira chithandizo mpaka anandiuza kuti zinthu zili bwino. Tsopano ndayambanso kutaya magazi ndi kumva kupweteka m'chiuno, ndipo atandijambula, adokotala anena kuti matenda aja abwerera, ndiyenera kuyambanso chithandizo mwezi wamawa. Madamu anga anandidula malipiro a tsiku limene ndinakajambulitsa. Amuna anga sanandiperekezepo kuchipatala, maganizo awo ali pa nyumba imene akumangira amayi awo ku Mangochi, ndipo mlamu wanga, amene ndimamudyetsa ndine, akuuza anthu kutchalitchi kuti ndikudwala matenda a boma. Kodi ndipirirenso, kapena ndingopita kwathu?

Bambo Mbewe: Mayi, pitani kumudzi mukadali ndi mphamvu zokwera basi pa Park Station. Ine ndakhala ndikuyendetsa maliro a anthu akwathu kuno, ndipo ndikudziwa mmene abale amavutikira kusonkha ndalama zodutsitsa thupi pa Beitbridge, pa Nyamapanda, ku Tete mpaka pa Mwanza. Ndimanena nthawi zonse kuti aliyense alowe bungwe la maliro, koma anthu simumva.

Nachisale: Bambo Mbewe, munthu wafunsa za chithandizo, inu mwayamba kale kuyeza bokosi. Chitani manyazi.

Mayi Gondwe: Pepani kwambiri achemwali. Ine ndine namwino, ndipo pali zimene simunatiuze zomwe zili mutu wa nkhaniyi. Kodi inali khansa ya khomo la chiberekero, ya m'kati mwa chiberekero, kapena ya mazira? Poyamba anakuchitani opaleshoni, kapena anakuwotchani ndi makina a radiotherapy? Nanga yabwerera pamalo omwe aja kapena yafalikira kwina? Ndikufunsa chifukwa malo amene anawotchedwa kale kawirikawiri sawotchedwanso mokwanira, motero madokotala amaganizira za opaleshoni kapena chemo (mankhwala amphamvu opha maselo a khansa), monga carboplatin ndi paclitaxel, pamene kwa munthu amene sanawotchedwepo, radiotherapy pamodzi ndi mankhwala a chemo otchedwa cisplatin nthawi zina imathetsa khansa yobwerera m'chiuno.

Nangozo: Ine zinandichitikira chimodzimodzi. Nditangodwala nthenda ya impso, amuna anga anasamukira kwa mkazi wina ku Rosettenville, anatenga ngakhale firiji imene ndinagula ndekha. Musayembekezere chilichonse kwa mwamuna, ndipo mlamu wanuyo muthamangitseni lero.

Che Yusufu: Mankhwala a kuchipatala ndi amene amamaliza anthu. Wiritsani masamba a nimu ndi chammwamba, muzimwa m'mawa ndi madzulo. Amene akufuna andipeze ku Fordsburg.

Mayi Gondwe: Che Yusufu, chammwamba ndi ndiwo, sichichiza khansa, ndipo zitsamba zina zimasokoneza chemo m'chiwindi. Musachite malonda pa matenda a munthu.

Bambo Mbewe: Anthu mumadana ndi chilungamo. Ine sindinanene kuti mayiwa amwalira mawa, ndanena kuti wodwala amafunika abale ake, phala la mgaiwa ndi mayi ake pafupi. Kuno ndani adzamusambitse, mlamu wamiseche uja? Ku Queens ku Blantyre kuli madokotala a khansa ya amayi, ndipo kuli Tiyanjane yothandiza odwala amene akumva ululu. Kumudzi si kutchire ayi.

Mphwanga wa ku Diepsloot: A Mbewe akamva munthu akutsokomola amayamba kufunsa mtengo wa bokosi. Tsiku lina adzalembetsa maliro a munthu woti wangogona tulo.

Nachisale: Pa nkhani ya madamu, lamulo la ntchito kuno limapereka masiku 30 odwala olipidwa pa zaka zitatu kwa wogwira ntchito masiku asanu pa sabata, ndipo antchito a m'nyumba alimo. Sungani kalata ya dokotala, akapitiriza kudula mukadandaule ku CCMA, bungwe loona mikangano ya pantchito.

Mayi Gondwe: Musanyamuke musanatenge mapepala a zotsatira zonse, chifukwa kukayambira pachiyambi kumudzi kudzadya miyezi imene matenda sadzakudikirani. Mufunse adokotala mosabisa ngati cholinga cha chithandizochi ndi kuchiza kapena kuchepetsa matenda, mupemphenso mankhwala a ululu ndi oletsa kusanza, ndipo bungwe la CANSA, loona za khansa kuno ku Joni, limapereka uphungu. Ngati mumamwa ma ARV, musadumphitse, ndipo adokotala a khansa adziwe. Koma tiyankheni mafunso aja.

Membala wosatchula dzina: Zikomo nonse. A Nangozo mwanena zoona, dzulo lomweli mlamu uja wadya nyama imene ndinasungira ana, ndipo amuna anga sanamudzudzule. Chimene ndikuopa kwambiri ndi kuthothoka tsitsi, chifukwa anthu adzati zonena zake zija n'zoona.

Mayi Gondwe: Ngati akupatsani paclitaxel tsitsi lidzathothokadi, koma limameranso chithandizo chikatha. Achemwali, kodi poyamba paja anakuwotchani kapena ayi?

Bambo Mbewe: Anawotchedwa kapena sanawotchedwe, mfundo yanga sinasinthe. Amene akufuna za bungwe la maliro, tikumana Lamlungu ku Yeoville tikaweruka kutchalitchi.