CELTA kapena TEFL yapaintaneti ya maola 120: ndalama yanga ndiike pati?

Nachisale265

Moni nonse. Ndine mphunzitsi wa Chingerezi kusekondale, ndili ndi digiri ya zauphunzitsi ndipo ndagwira choko zaka 6. Ndikufuna kuyamba kuphunzitsa anthu a m'mayiko amene sayankhula Chingerezi, kaya paintaneti kapena kupita konko. Pa Facebook padzaza zotsatsa za TEFL ya maola 120 yotchipa kwambiri, pomwe CELTA ndi yoti ndisonkhanitse ndalama miyezi yambiri. Kusiyana kwake n'kotani kwenikweni? Nanga ine wophunzitsa kale, chachilendo chimene ndikapezeko n'chiyani?

Mbewe_wa_ku_Dedza

Mayi Nachisale, choyamba dziwani kuti TEFL si dzina la satifiketi, ndi dzina la ntchito yophunzitsa Chingerezi kwa anthu a ziyankhulo zina. Palibe bungwe limodzi loyang'anira mawu amenewa, choncho aliyense atha kutsegula webusaiti, n'kuikapo mavidiyo ndi mafunso osankha yankho, n'kumasindikiza pepala lolembedwa maola 120. Musanalipire kulikonse afunseni funso limodzi: ndidzaphunzitsa anthu enieni maola angati mlangizi ali pompo kundiyesa? Akayamba kuzungulira, mwadziwa kale.

CELTA ndi satifiketi ya yunivesite ya Cambridge. Ili ndi maola 120 okumana ndi alangizi, ndipo mukaichita tsiku lililonse imatenga masabata 4 kapena 5. M'kati mwake muli maola 6 oti inuyo muphunzitse anthu akuluakulu a milingo iwiri yosiyana ya Chingerezi, kawirikawiri maphunziro 8 a mphindi 45. Mukangomaliza, mumakhala pansi ndi mlangizi ndi anzanu a m'gulu lanu, osapitirira 6, n'kuliunika phunzirolo gawo ndi gawo. Palinso maola 6 oonerera aphunzitsi odziwa ntchito, ndi zolemba 4 za mawu 750 mpaka 1,000: china chofotokoza wophunzira ndi mavuto ake, china chosanthula galamala ndi mawu, china chokonza phunziro la kuwerenga kapena kumvetsera, chomaliza chodziunika nokha. Cholemba chikakanidwa amakupatsani mwayi umodzi wochikonza. Magiredi ndi Pass, Pass B ndi Pass A, ndipo kulephera kulipo ndithu.

Salowa aliyense. Amayamba akupatsani ntchito yolemba kunyumba, kenako intavyu, ndipo Chingerezi chanu chiyenera kukhala chakumtunda kwa C1 kapena C2, milingo iwiri yapamwamba kwambiri yoyezera luso la chiyankhulo. Inzake ya mlingo womwewo ndi CertTESOL ya Trinity College London, nayo ili ndi maola 6 ophunzitsa moyesedwa. Chosangalatsa chake n'choti amakuphunzitsani maola angapo a chiyankhulo chimene simukuchidziwa n'komwe, kuti mumve m'thupi mmene woyamba kumene amamvera. Kufupi ndi kwathu CELTA imachitikira ku Johannesburg ndi ku Cape Town, komanso kuyambira 2020 itha kuchitika yonse paintaneti, satifiketi yake n'kukhala yomweyo.

MayiGondwe

Ndiyankhe funso lachiwirilo, chifukwa aphunzitsi ozolowera kalasi ndi amene amavutika sabata yoyamba. Kusekondale mwana amamva Chingerezi m'maphunziro ena pafupifupi onse, mumamukonzekeretsa MSCE, ndipo zikavuta mumaponyapo Chichewa. Pa CELTA muli ndi wa ku Angola, wa ku Congo ndi wa ku Brazil m'kalasi imodzi, mulibe chiyankhulo chothawirako.

Cholakwa chachikulu ndi kuyankhula kwambiri. Tinazolowera kuima kutsogolo n'kulongosola, ana n'kumakopera manotsi. Kumeneko mlangizi amakhala kumbuyo ndi wotchi, ndipo mukatha mphindi 10 mukufotokoza lamulo la galamala adzakulemberani kuti ophunzira sanatsegule pakamwa. Afunika ayankhulane awiriawiri, inu muzizungulira n'kumalemba zolakwa zawo pakapepala, muzikonze pabolodi kumapeto osatchula mwiniwake.

Chachiwiri ndi funso lija loti "Do you understand?" Wophunzira amagwedeza mutu ngakhale sanamve kanthu, chifukwa cha manyazi. M'malo mwake mumakonzeratu mafunso afupiafupi oyesa tanthauzo, amene amawatcha ma CCQ. Tinene mukuphunzitsa "I used to live in Zomba." Mumafunsa m'Chingerezi chosavuta: ndikukhala ku Zomba panopa? Ayi. Ndinakhalako kale? Inde. Tsiku limodzi kapena nthawi yaitali? Yaitali. Mafunso atatu basi, ndipo m'funsomo musagwiritse ntchito "used to" yemweyo, apo ayi mukuyesa chinthu ndi chomwecho.

Dongosolo lake ndi tanthauzo kaye, kenako katchulidwe, kalembedwe pomaliza. Ambiri amathamangira kulemba pabolodi, ndiye wophunzira akaona zilembo amatchula "used" ndi "to" padera, pomwe m'kuyankhula zimamveka ngati "yusta". Atchule kaye pakamwa, onse pamodzi kawiri kapena katatu, kenako mmodzimmodzi, choko chibwere pambuyo.

Malangizo a ntchito nawonso amagwetsa anthu. Mukagawa mapepala musanalankhule, maso onse amapita papepala ndipo palibe akukumvani. Gwirani pepalalo pachifuwa, lozani, nenani mawu osapitirira khumi, chitani chitsanzo chimodzi ndi wophunzira, ndiye gawani. Pa phunziro la kuwerenga musawawerengetse mokweza mmodzimmodzi monga timachitira kwathu. Apatseni funso limodzi losavuta ndi mphindi 2 zoti awerenge chamumtima mothamanga, afananize mayankho awiriawiri, kenako mafunso ozama ndi mphindi 6 kapena 7. Mukawasiya osawaikira nthawi amaima pa liwu lililonse lachilendo, ndipo gawo lomaliza loyankhula, lomwe ndi mtima wa phunzirolo, limafa chifukwa nthawi yatha.

Chisale_Joni

Zonsezi n'zoona, koma achemwali onaninso pasipoti musanagulitse mbuzi. Ku South Korea viza yophunzitsira Chingerezi ya E-2 kwenikweni ndi ya nzika za mayiko 7: America, Canada, Britain, Ireland, Australia, New Zealand ndi South Africa. Kukhala ku Joni ndi pasipoti ya Malawi sikukulowetsani pamndandandawo, ngakhale mutakhala ndi Pass A. Mayiko ena monga Vietnam ndi Thailand amalemba anthu ochokera kwina, koma amafuna digiri, kalata ya kupolisi yosonyeza kuti mulibe mlandu, mapepala otsimikizidwa mwalamulo, ndiponso kawirikawiri mayeso a Chingerezi monga IELTS kapena TOEIC. Zimapweteka kwa munthu amene waphunzira m'Chingerezi kuyambira Sitandade 5, koma ikani mayesowo mubajeti.

Za paintaneti, msika wa ana a ku China unagwa mu 2021 boma lakumeneko litaletsa makampani kulemba aphunzitsi okhala kunja. Zotsala zambiri ndi mawebusaiti monga Preply ndi italki, kumene mumadziikira mtengo nokha n'kudzipezera ophunzira ndi kavidiyo kodzidziwitsa. Kumeneko satifiketi yotchipa ija imakwana kutsegulira khomo. Pa Preply dziwani kuti ndalama ya phunziro loyamba ndi wophunzira watsopano imapita yonse kukampani, choncho mwezi woyamba umakhala woonda. Muyeneranso kukhala ndi mahedifoni okhala ndi maikolofoni, laputopu yosunga moto maola awiri kapena kuposa, ndi ma SIM a makampani awiri, chifukwa magetsi akazima pakati pa phunziro wophunzira sabweranso. Onetsetsaninso kuti njira yawo yolipirira imafika kubanki yanu musanayambe.

Nachisale265

Zikomo kwambiri nonse, za pasipotizo sindinaziganizire. Ndatsimikiza za CELTA yapaintaneti chaka chamawa. Pakali pano ndikonzekere chiyani?

MayiGondwe

Yambani ndi katchulidwe, Mayi Nachisale, osati kuti mumveke ngati wa ku London, ayi, koma kuti wophunzira azimva kusiyana kwa mawu pakamwa panu. Chichewa chili ndi mavawelo 5, pomwe tchati cha katchulidwe ka Chingerezi cha ku Britain chili ndi 12 osaphatikiza ophatikizana 8, ndiye "ship" ndi "sheep", kapena "hat", "hut" ndi "heart", kwa ife zimagwera pamodzi. L ndi r kwathu sizisintha tanthauzo, koma "light" ndi "right" ndi mawu awiri. Timakondanso kuwonjezera vawelo kumapeto, "and" n'kukhala "andi", ndi kukoka silabulo yachiwiri kuchokera kumapeto monga m'Chichewa. Dzijambuleni pafoni mukuwerenga ndime imodzi tsiku lililonse, mumvetsere, musankhe vuto limodzi pasabata. Phunzirani zizindikiro 44 za tchaticho, 5 patsiku, chifukwa mudzazilemba m'mapulani anu.

Pa galamala muli patsogolo kuposa ambiri obadwa nacho Chingerezi, amene amachiyankhula koma sadziwa dzina la tensi iliyonse. Chimene muyesere ndi kufotokoza kusiyana kwa "I have lost my key" ndi "I lost my key" pogwiritsa ntchito mzere wa nthawi pabolodi ndi mafunso atatu, popanda kutchula lamulo. Ndipo ngati mudzasankhe ya masabata 4, pemphani tchuthi chonse kuntchito. Pulani imodzi ya mphindi 45 imadya maola 3 kapena 4 usiku, ndipo simungaiphatikize ndi kuchonga makope a Fomu 4. Ngati tchuthi sichitheka, tengani yapang'onopang'ono ya miyezi itatu.