Ma marshal andithawa, mpikisano uli Loweruka

Kamanga, Dedza boma:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Mpikisano wa njinga zamoto wa anyamata a kabaza uja uli Loweruka, pamsewu wafumbi cha ku Bembeke. Njirayi ili ndi malo 11 ofunika marshal, munthu wa mbendera woyang'anira chitetezo. Analembetsa ambiri, koma atangomva kuti alawansi palibe, mafoni akungoitana. Otsimikiza atsala 12. Ndingoika mmodzimmodzi tiziona?

Mayi Nangozo, Ntcheu:
Mmodzi pamalo ayi achimwene. Njinga ikagwa pakona, wina amakweza mbendera yachikasu kuti akubwerawo achepetse liwiro, mnzake ndiye amaona wovulala. Akakhala yekha amataya mbendera n'kuthamangira wagwayo, ndiye am'mbuyo amatulukira ali pa liwiro, anthu awiri ali pakati pa msewu. Anthu 12 ndi malo 6 basi. Dulani njirayo.

Kamanga:
Amayi, anyamata akufuna njira yaitali. Akuti yaifupi n'chibwana.

Mayi Nangozo:
Azungulire kangapo, mtunda ukwana womwewo. Oonerera amasangalalanso njinga zikamadutsa pafupipafupi.

Madala Phiri, Lizulu:
A Nangozo anena zoona. Ine mantha anga ali pa atsopano, chifukwa mtima wothandiza ndi womwe umawaphetsa. Mu 1977 pa mpikisano wa magalimoto wa Formula One ku Kyalami, kufupi ndi Johannesburg, marshal wa zaka 19, Frederik Jansen van Vuuren, anadumpha msewu atanyamula chozimitsira moto, kuthamangira galimoto yomwe inkayaka tsidya linalo. Tom Pryce, yemwe ankayendetsa galimoto ina ya mpikisano, anatulukira pachitunda osamuona, anamuomba, chozimitsiracho chinamenya Pryce m'mutu, onse awiri anafera pomwepo. Muwauze mobwereza: palibe wolowa mumsewu mbendera isanakwezedwe. Poima napo asankhe. Asaime kunja kwa kona komwe njinga imathera ikatererera. Akwere pachulu kapena akhale kuseri kwa mtengo waukulu. Pa Formula One yomweyo, ku Monza ku Italy mu 2000 ndi ku Melbourne ku Australia mu 2001 ma marshal anafa ndi tayala lothothoka, ali chiimire pamalo pawo.

Jere, makaniko:
Bwanji osangowalipira, madala? Munthu asiye ganyu yokumba kachewere adzaime pafumbi tsiku lonse ulele?

Madala Phiri:
Ngakhale ku Formula One ma marshal ambiri, ovala zaolenji aja, ndi ongodzipereka, a Jere. Mukayamba kulipira ndi tindalama ta olembetsa mpikisano, chaka chamawa adzafuna zoposa, ndipo mudzapeza obwerera envulopu, maso ali pafoni.

Mayi Nangozo:
Anthu sakana kudzipereka, amakana njala ndi chisanu. Mukudziwa mmene Bembeke amazizirira m'mawa. Munthu mwamuimika 6 koloko, chifunga chili tolo, manja achita dzanzi mpaka ndodo ya mbendera sakuigwira bwino, tiyi palibe, nsima akuti akadya pothera mpikisano. Ikamakwana 11 wapita kukasaka chiwaya, kona yatsala yokha. Pezani njinga imodzi ntchito yake ikhale yozungulira ndi fulasiki, mandasi ndi madzi. Chakudya chamasana chiwapeze pomwe aimapo.

Chinanso, mukuitaniranji anthu a pa boma oti afune thiransipoti? Pitani kwa amfumu a midzi yomwe msewu ukudutsa. Mwini munda wa pakona amadziwa nthawi imene ng'ombe zimadutsa kupita kudambo, amadziwa kanjira kamene ana amatulukira. Akakalipa, ana amamvera chifukwa ndi amalume awo. Wa ku boma angakuwe mpaka mawu kusasa. Funsaninso a chitetezo cha m'mudzi, majekete owala ali nawo kale, komanso odzipereka a Red Cross kumbali ya chithandizo choyamba. Koma lembani oonjezera. Loweruka ndi la maukwati, ena ndi a Sabata, maliro nawo sapangana.

Jere:
Apo ndagonja. Koma kudambo kuja netiweki kulibe, ndinakonzerako njinga. Foni musaidalire.

Madala Phiri:
Ndiye malo aliwonse aziona anzawo a kutsogolo, ndipo aliyense akhale ndi wezulo. Mbendera zitatu zokha: yachikasu ngozi, osapitirira mnzako, yobiriwira njira yayera, yofiira imani nonse. Yabuluu isiyeni, ingowasokoneza. Yofiira asakweze mwa yekha, adikire mkulu wa mpikisano, apo ayi aliyense aziimitsa chifukwa cha nkhuku. Watsopano aliyense mumuphatike ndi amene anachitapo.

Kamanga:
Zikomo akuluakulu. Gawo la kudambo ndalichotsa, tatsala ndi malo 6, azungulira kanayi. Mawa m'mawa ndikaonana ndi amfumu awiri, ndikadutsiranso kupolisi kukawauza za njira yatsopano. Lachisanu masana tikayeserera pamsewu pomwepo. Nsalu ndagula, telala akusoka. Mawezulo ndi omwe ndilibe.

Mayi Nangozo:
Ndibwereka kwa aphunzitsi a masewera kuno, ndipatsira minibasi ya Lachinayi. Mukaidikire pa siteji.