Kalabu yathu yojambula zithunzi ikuzilala, tithandizeni nzeru

Wa ku Matawale:
Moni nonse. Ife kuno ku Zomba tinayambitsa kagulu ka okonda kujambula zithunzi, tilipo 11, atatu okha ndi amene ali ndi makamera enafe ndi mafoni basi. Poyamba zinkakoma koma pano tikakumana Loweruka timangokhala pansi kukamba za makamera odula oti palibe angawagule kenako aliyense kwawo, sabata yathayi tinabwera anayi okha. Zikundiwawa chifukwa m'gulumu muli achinyamata a diso labwino kwambiri. Tizichita chani kuti anthu ayambirenso kubwera komanso zithunzi zathu zisiye kufanana? Ndalama zambiri tilibe, chonde.

Madala a filimu:
Achemwali musataye mtima, gulu limazilala likasowa ntchito yogwira. Ine ndinayamba nthawi ya filimu pomwe mpukutu umodzi unkalowa zithunzi 24 kapena 36, ndiye usanadine umayamba waganiza kaye. Yesani zomwezo, tsiku lokumana aliyense ajambule 24 zokha osafufuta ngakhale chimodzi, ndipo mupatsane mutu umodzi. Mwachitsanzo manja okhaokha. Manja a amayi akutong'ola chimanga, a telala akukankha nsalu pa makina, a mnyamata womata tayala la njinga atada ndi girisi. Muona anthu 11 akubwera ndi zinthu 11 zosiyana.

Chinanso ndi nthawi, musamakumane masana. Kuno dzuwa silichedwa kukwera, ikamati 10 koloko kuwala kwakhala kale kolunjika pamutu, maso a munthu amangolowa mumdima. Ola loyamba dzuwa likangotuluka ndi ola lomaliza lisanalowe ndi pomwe pali kukoma. Inu muli ndi mwayi phiri lili pakhomo, kwerani ku Chawe m'mamawa mukafike ku Emperor's View, kukayera bwino mumaona nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje, makamaka mvula ikangotha mu Epulo ndi Meyi, chifukwa ikafika Seputembala utsi wa moto wa tchire umaphimba zonse. Pa mathithi a Williams Falls ikani ISO (mulingo wa momwe kamera imamvera kuwala) pa 100, shutter (nthawi yomwe kamera imakhala chitsegulire) theka la sekondi, madzi aja amatuluka osalala ngati mkaka ukutsanulidwa. Izi zimafuna tsiku la mitambo, dzuwa likawala chithunzi chimayera mbee. Tripod (choimikapo kamera cha miyendo itatu) ngati mulibe tengani kathumba ka nyemba muike pa mwala, kamera pamwamba pake, timer ya masekondi awiri kuti dzanja lisagwedeze.

Mayi wa ku Ndirande:
Zoona madala, ndipo a mafoni asadzione otsalira, mafoni ambiri a Android ali ndi Pro mode pomwe umasintha wekha shutter ndi ISO. Ife gemu yomwe imatisangalatsa ndi ya makabaza, umaima m'mbali mwa msewu shutter pa 1/30 ya sekondi ndiye wa kabaza akamadutsa umamutsatira ndi kamera mothamanga mofanana naye, kutembenuka ndi chiuno osati manja, n'kudina uli mkati motembenukamo. Iyeyo amaoneka bwinobwino koma kumbuyo konse kumakokeka mizeremizere. Zambiri zimawonongeka koma chimodzi chikagwira gulu lonse limakuwa.

Komanso nkhani ya khungu lathu, munthu wakuda akavala shati yoyera kapena kumbuyo kwake kukawala kamera imayeza kuwala kujako nkhope n'kuda bii. Dinani pankhope pa sikirini kenako mukweze kuwala pang'ono, kapena muimikeni munthuyo pa khonde kapena pakhomo pomwe pali mthunzi koma akuyang'ana kunja. Wina agwire katoni yomata pepala loyera chammunsi kuti kuwala kubwerere pankhope, maso amawala bwino zedi.

Koma chonde pemphani kaye. Ine ndinajambulapo mayi wina wogulitsa tomato pamsika osamuuza, anakhumudwa kwambiri ndipo sanalakwitse, ndinafufuta iye akuona. Pano ndimayamba ndapereka moni, kugula kamulu kamodzi, kucheza, ndikatero ndipemphe, ndipo ndikatsukitsa ndimakamupatsa chake. Ku gule wamkulu ndiye osayerekeza kutulutsa kamera musanalankhule ndi akuluakulu a pamudzipo.

Mnyamata wa nyenyezi:
Asisi yesaninso kujambula nyenyezi usiku umodzi mu Juni kapena Julayi mwezi ukakhala mumdima, mupite kutali ndi magetsi a tauni. Lenzi yotambalala, aperture (bowo lolowera kuwala mu lenzi) yotsegula mpaka pothera, ISO 3200, masekondi 15 kapena 20, focus pa manual, muloze nyenyezi yowala n'kusintha nokha mpaka ioneke bwino. Mukapitirira masekondi amenewo nyenyezi zimayamba kukokeka. Wina atenge tochi aunikire mtengo kapena nyumba kwa sekondi imodzi yokha kamera ili chitsegulire. Majuzi musaiwale ndipo mabatire muwasunge m'thumba la mkati, kuzizira kumawamaliza msanga.

Madala a filimu:
Ndiwonjezere kamodzi. Pakutha pa mwezi aliyense atsukitse chithunzi chimodzi chokha, musonkherane ndalama, muziyale patebulo popanda mayina. Aliyense anene chomwe diso lake layamba kuona ndi chomwe akanachotsa. Pa pepala zolakwika sizibisala ngati pa foni, pholo la magetsi lomera pamutu pa munthu limaonekeratu.

Wa ku Matawale:
Zikomo kwambiri madala, amayi ndi inu achimwene. Ndatumiza kale pa gulupu yathu ya WhatsApp kuti Loweruka tikumana 6 koloko m'mawa, mutu ndi manja, zithunzi 24, ndipo asanu ndi awiri ayankha kale kuti abwera. Amayi a ku Ndirande, za makabaza zija pa foni mumatani kuti chithunzi chisayere mbee? Yanga ndikaika 1/30 masana zonse zikungoyera.